Mmene mungalondolere mtsogoleri wakatangale mpaka kumakhoti a kunja

Nkhani ya kusololedwa kwa ndalama za boma ikangophulika, simuchedwa kumva wina akuti, "Ameneyu angomutengera ku The Hague basi." Mawuwo amatsitsako mtima, koma khomo limenelo n'lotseka. Khoti la International Criminal Court la ku The Hague, lomwe pangano lake linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2002, limazenga milandu ya mitundu inayi yokha: kupulula mtundu wa anthu, milandu ya pankhondo, nkhanza zoopsa zochitira anthu wamba ambirimbiri, ndi kuputa dziko lina ndi nkhondo. Katangale mulibemo. Mpaka lero kulibe khoti la mayiko onse lomwe lingamange pulezidenti kapena nduna chifukwa chakuba ndalama zogulira mankhwala.

Chochita chilipo ndithu, ndipo chimachokera pa khalidwe la akubawo. Mtsogoleri akaba zambiri sasunga kwawo. Amaopa kugwa mphamvu kwa ndalama ya dziko lomwe iye mwini walisaukitsa, amaopanso amene adzalowe m'malo mwake. Ndiye ndalamazo zimawoloka malire. Zimalowa m'mabanki a ku Geneva, zimagula nyumba ku London, ku Paris kapena ku Dubai. Zikangofika kumeneko munthuyo wapalamula mlandu wachiwiri, wobisa ndi kugwiritsa ntchito ndalama zakuba, ndipo mlandu umenewu ndi wa dziko lomwe ndalamazo zafikira, komwe iye sasankha majaji ndipo sangachotse ntchito mkulu wa apolisi. Ndawala yanu yonse itsamire pamenepa.

1. Sankhani munthu mmodzi ndi nkhani imodzi

"Boma lonseli ndi la mbava" ndi mawu a pachionetsero. Woimira boma pamilandu sangatsegule nawo failo. Iye amafuna dzina, tsiku, kuchuluka kwa ndalama, komwe zinachoka ndi komwe zinakathera. Pa nkhani zonse zomwe zikukupwetekani mtima, sankhani yomwe mwendo wake wina uli kunja: kontirakiti yomwe inapita kwa kampani ya dziko lina, ngongole yomwe inadutsa kubanki ya kunja, nyumba yomwe mwana wa nduna wagula kutsidya kwa nyanja. Kawirikawiri nkhani yomwe ili ndi mapepala okwanira si imene ili yaikulu kuposa zonse. Tengani ya mapepalayo.

Onaninso mpando womwe munthuyo wakhalapo. Mu 2002, pa mlandu wa pakati pa Democratic Republic of Congo ndi Belgium, khoti la International Court of Justice linanena kuti nduna yoona za maubale ndi mayiko ena singazengedwe mlandu ndi khoti la dziko lina ikadali paudindo, monga mmene zilili ndi mtsogoleri wa dziko. Pulezidenti amene akulamula simungamufike lero. Koma ana ake, alamu ake, anzake a bizinesi amene amamusungira chuma, onsewa alibe chitetezo chotere. Mwini wakenso tsiku lina adzatsika pampandopo, failo yanu ili chikonzekere.

2. Sonkhanitsani umboni, ndipo musaunamize

Apa ndi pomwe ndawala zambiri zimafera, chifukwa ntchito yake ndi yotopetsa ndipo palibe amene amakuomberani m'manja.

Yambani ndi zomwe boma lenilenilo linalemba: malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma, zokambirana za m'nyumba ya malamulo, zigamulo za makhoti, zidziwitso za makontirakiti, ndi zikalata zomwe akuluakulu amaululamo chuma chawo ngati lamulo lotere lilipo. Ngati dziko lanu lili ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani zaboma, lembani kalata yopempha ndipo sungani kope lodindidwa. Akakana, kukanako ndi umboninso.

Kenako yang'anani kunja. Kaundula wa makampani wa ku Britain, Companies House, ndi waulere pa intaneti ndipo amaonetsa amene ali ndi ulamuliro pa kampani. Bungwe la atolankhani la ICIJ lili ndi nkhokwe yotchedwa Offshore Leaks momwe mungasake mayina a m'zikalata monga Panama Papers za 2016. La OCCRP lili ndi ina yotchedwa Aleph. Musasake dzina la bwana lokha. Wakuba wochenjera salemba dzina lake. Sakani mayina a akazi ake, dzina lomwe mkaziyo anali nalo asanakwatiwe, ana, dalaivala wakale amene mwadzidzidzi ndi dayirekitala wa makampani asanu. Adiresi imodzi ikamabwerabwera m'makampani osiyanasiyana, ilembeni.

Zomwe mwapeza muziike m'magulu atatu osasakaniza: zomwe zili papepala lomwe mwaliona ndi maso anu, zomwe mboni yanena, ndi mphekesera. Gulu lachitatu ndi lokuthandizani kudziwa koyang'ana basi, lisatuluke pakhomo. Kenako lembani mndandanda wa masiku. Tsiku lakuti kontirakiti inasainidwa. Patapita masabata atatu kampani yakuti inalembetsedwa ku chilumba chakuti. Patapita miyezi iwiri kampaniyo inagula nyumba. Pambali pake lembani malipiro ovomerezeka a munthuyo pachaka. Wofufuza aliyense akaona masiku akutsatizana chonchi, nyumba ikuposa malipiro a zaka makumi, amadziwa poyambira.

Chenjerani ndi chikalata chomwe chabwera chokha, chonena zonse zomwe mumafuna kumva. Anthu amene mukuwalondola amadziwa kuti pepala limodzi labodza likhoza kugwetsa mapepala 100 oona, ndipo akhoza kukutumizirani dala. Chilichonse chitsimikizeni ndi gwero lina. Musagule zikalata, musathyole kompyuta ya munthu, musalembe kanthu pa pepala lenilenilo. Lembani padera kuti munalilandira liti ndiponso munjira yotani.

3. Kadandauleni kwanu kaye

Ngakhale mukudziwa kuti sizipita patali, kaperekeni dandaulo ku bungwe lothana ndi katangale, kupolisi, kapena ku komiti ya aphungu. Sungani umboni woti munapereka, ndipo lembani zomwe zinatsatira. A kunja funso lawo loyamba limakhala loti kwanuko mwayesa chiyani.

Ndipo mlandu ukafera kwanu, si kuti wafera konse. James Ibori, yemwe anali bwanamkubwa wa Delta State ku Nigeria kuyambira 1999 mpaka 2007, khoti la ku Asaba linamuchotsera milandu 170 mu Disembala 2009. Chaka chotsatira anamangidwa ku Dubai, mu 2011 n'kutumizidwa ku London, komwe mu 2012 anavomera milandu n'kulamulidwa kukhala m'ndende zaka 13. Zina mwa ndalama zija anazidutsitsa ku Britain, ndipo zimenezo n'zomwe zinamukola.

4. Sankhani khomo logogoda

Makomo ndi angapo, ndipo mndandanda wanu wa masiku uja ndi umene ukuuzeni loyenera.

Loyamba ndi mlandu waupandu m'dziko lomwe katunduyo ali. Chitsanzo chomwe aliyense wa ntchitoyi ayenera kuchidziwa ndi cha Teodoro Nguema Obiang Mangue, mwana wa pulezidenti wa Equatorial Guinea, yemwenso ndi wachiwiri kwa bambo akewo. Mu 2007 bungwe la ku France la Sherpa ndi anzake anakasuma ku Paris za chuma cha mabanja a atsogoleri angapo a mu Africa. Apolisi anafufuza n'kupeza nyumba, magalimoto ndi maakaunti, koma oimira boma anatseka failo. Mu Disembala 2008 Transparency International France inasumanso, ndipo mkangano unasanduka woti kodi bungwe lomwe si la boma lili ndi ufulu wosuma pa nkhani yotere. Khoti lalikulu la France linavomera mu Novembala 2010. Chigamulo chopeza Obiang wolakwa chinabwera mu Okutobala 2017, apilo yake yomaliza inakanidwa mu Julayi 2021. Werengani zakazo: 14. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo munthuyo sanalowe m'ndende, chilango cha zaka zitatu chinali chongoimikidwa. Chomwe chinatheka ndi chindapusa cha mayuro 30 miliyoni ndi kulandidwa kwa katundu wake, kuphatikizapo chinyumba cha pa Avenue Foch. Ena anganene kuti n'zochepa. Ine ndimaona kuti chigamulo cha 2010 chija n'chachikulu kuposa chindapusacho, chifukwa chinatsegulira njira mabungwe ena onse.

Lachiwiri ndi kulanda katundu popanda kumanga mwini wake. Ku America boma limatha kusumira katundu weniweniyo. Ndi mmene nyumba ya Yahya Jammeh, mtsogoleri wakale wa Gambia, ya ku Potomac m'chigawo cha Maryland inalandidwira mu 2022, mwini wake ali phee ku Equatorial Guinea. Ku Britain, kuyambira 2018, khoti likhoza kulamula munthu kuti afotokoze komwe anapeza ndalama zogulira katundu wodula. Inu simungapemphe lamulo lotere nokha, amapempha ndi mabungwe a boma la kumeneko. Mbali yanu ndi kuwapatsa failo yomwe sangathe kuinyalanyaza.

Lachitatu ndi kulondola wopereka chiphuphu. Malamulo a America a 1977 ndi a Britain a 2010 amalanga makampani opereka ziphuphu kwa akuluakulu a mayiko ena. Kampani ikavomera mlandu, monga inachitira kampani ya migodi ndi mafuta ya Glencore mu 2022 pa ziphuphu za m'mayiko angapo a mu Africa, zikalata za kukhoti zimafotokoza malipirowo mwatsatanetsatane. Mayina a olandira nthawi zambiri amabisidwa, koma maudindo ndi masiku amakhalapo. Ziwerengeni.

Lachinayi ndi ziletso: kutsekera munthu chuma chake ndi kumukaniza viza. Lamulo la America la Global Magnitsky la 2016 linayamba kuluma mu Disembala 2017, ndipo Jammeh anali pa mndandanda woyamba. Britain inakhazikitsa ziletso zake za katangale mu Epulo 2021, n'kuikapo abale a banja la Gupta omwe ankatchulidwa pa nkhani za ku South Africa. Mabungwe monga Human Rights First ndi Redress amathandiza kukonza mafailo otere. Njirayi ndi yachangu, koma si chigamulo cha khoti. Ndi chisankho cha andale, ndipo andale amateteza abwenzi awo.

Palinso makhoti a m'zigawo. Mu 2010 khoti la ECOWAS, mgwirizano wa mayiko a kumadzulo kwa Africa, pa mlandu womwe linasuma bungwe la ku Nigeria la SERAP, linagamula kuti Nigeria ili ndi udindo wopereka maphunziro a pulayimale kwa mwana aliyense ngakhale ndalama za maphunzirowo zinabedwa. Makhoti otere samanga munthu, amaweruza boma. Koma amathandiza kusonyeza kuti katangale ali ndi anthu amene amawapweteka.

Musadalire khomo limodzi. Mu Febuluwale 2025 unduna wa zachilungamo ku America unathetsa gulu lake lomwe linkalondola chuma chobedwa ndi atsogoleri a mayiko ena. Amene anaika chiyembekezo chonse kumeneko anangoti kakasi.

5. Pezani anzanu a kumene kuli ndalamazo

Mufunika loya wodziwa malamulo a dziko lomwe mukukasumako, bungwe la kumeneko lomwe khoti lingalimvere, ndi atolankhani ofufuza. Alembereni mwachidule: tsamba limodzi lofotokoza nkhani, mndandanda wa masiku, ndi mayina a zikalata zomwe muli nazo. Mugwirizane poyambirira, polemba, kuti wolankhula ndi atolankhani ndani ndipo mayina a mboni akuwadziwa ndani.

Musaganize kuti a kwanu ntchito yawo ndi kungotumiza mapepala kwa azungu. Taonani za Mozambique. Manuel Chang, nduna yakale ya zachuma yomwe inasainira ngongole zobisa za madola pafupifupi 2 biliyoni, anamangidwa pa bwalo la ndege ku Johannesburg mu Disembala 2018. America inkamufuna, Mozambique inkamufunanso. Boma la South Africa litasankha kumubweza kwawo, mgwirizano wa mabungwe a ku Mozambique konko, Fórum de Monitoria do Orçamento, unapita kukhoti ku South Africa kukatsutsa, poopa kuti kwawoko mlanduwo ukazizira. Unapambana. Chang anatumizidwa ku New York mu Julayi 2023, anapezeka wolakwa mu Ogasiti 2024, ndipo mu Januwale 2025 anapatsidwa zaka zisanu ndi zitatu ndi theka.

6. Dzitetezeni musanatsegule pakamwa

Walira mvula walira matope. Daphne Caruana Galizia, mtolankhani wa ku Malta, anaphedwa ndi bomba la m'galimoto mu Okutobala 2017, ali ndi milandu yoposa 40 yomwe anamusumira kuti waipitsa mbiri za anthu. Babita Deokaran, yemwe anaulula zachinyengo mu dipatimenti ya zaumoyo ku Gauteng, m'dziko la South Africa, anawomberedwa pakhomo pake mu Ogasiti 2021. Mzika ya ku Gabon yomwe inalowa nawo mlandu wa ku Paris uja inatsekeredwa kwawo patangopita milungu yochepa.

Failo isakhale ndi munthu mmodzi. Kope lina likhale kunja kwa dziko, ndipo amene mukuwalondola adziwe kuti kuchotsa munthu mmodzi sikungathetse nkhaniyo. Amene anakutsinani khutu musamutchule ngakhale kwa anzanu a m'komiti, ndipo musanaonetse chikalata chake dzifunseni kuti mu ofesi imeneyo ndi anthu angati amene akanatha kuchiona. Ngati ndi awiri okha, mwamuulula kale. Bungwe la PPLAAF, lomwe linathandiza kutulutsa zikalata za Luanda Leaks zokhudza Isabel dos Santos, mwana wa pulezidenti wakale wa Angola, mu 2020, linakhazikitsidwa kuti lizithandiza anthu otere mu Africa. Chilichonse chomwe mukufuna kufalitsa, loya achione kaye. Nenani zomwe pepala likunena, mawu oti "mbava" muwasiyire jaji.

7. Polankhula ndi anthu

Pemphani chinthu chodziwika kwa munthu wodziwika. "Tikufuna chilungamo" palibe amene amayankha. "Tikupempha ofesi yakuti itseke nyumba yakuti isanagulitsidwe" ili ndi woyankha. Ndipo funsani ofufuza musanafalitse za katundu, chifukwa nkhani ikatuluka msanga nyumba imasintha mwini usiku umodzi.

Adzakunenani kuti ndinu a chipani chotsutsa, choncho musalandire ndalama za chipani chilichonse, ndipo boma likasintha muyezo wanu usasinthe. Adzakunenaninso kuti mukugulitsa dziko kwa atsamunda. Yankho lake n'losavuta: amene anatengera ndalamazo ku London si inu. Komanso muzitchula mabanki, maloya ndi ogulitsa nyumba a kunja amene anazilandira, chifukwa wosunga katundu wakuba naye ndi wolakwa. Banki ya ku Switzerland ya Credit Suisse inavomera mu 2021 kulipira pafupifupi madola 475 miliyoni pa nkhani ya ngongole za Mozambique ija.

8. Kambiranani za kubwerera kwa ndalama mlandu usanathe

Anthu ambiri amaiwala gawo limeneli. Pangano la United Nations lothana ndi katangale, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Disembala 2005, limanena m'mutu wake wachisanu kuti kubweza chuma chobedwa ndi mfundo yaikulu. Koma kubweza kwa ndani? Ngati banja lomwe linaba likadali pampando, kubweza kuboma kuli ngati kusungitsa mbuzi kwa fisi. N'chifukwa chake mabungwe a ku France anakakamira mpaka mu Ogasiti 2021 dzikolo linakhazikitsa lamulo loti ndalama zolandidwa zizipita ku ntchito zothandiza anthu a dziko lomwe zinabedwa. Madola 321 miliyoni a Sani Abacha, mtsogoleri wakale wa Nigeria, omwe Switzerland inagwirizana ndi Nigeria mu Disembala 2017 kuti ibweze, anapita ku thumba lothandiza mabanja osauka, World Bank ikuyang'anira, ndipo bungwe la ku Nigeria la ANEEJ linatsogolera mabungwe anzake kulondola ngati ndalamazo zikufikadi. Abacha anamwalira mu 1998. Pemphani kuti mgwirizano wobwezera ndalama usindikizidwe poyera, ndipo anthu wamba akhale ndi mpando powunika.

Kupambana kunja sikutanthauzanso kuti kwanu avomera. Mu 2007 khoti la ku London linapeza kuti Frederick Chiluba, pulezidenti wakale wa Zambia, ndi anzake anabera dzikolo pafupifupi madola 46 miliyoni. Mu 2009 khoti la ku Lusaka linamupeza wosalakwa pa mlandu waupandu, ndipo mu 2010 khoti lalikulu la Zambia linakana kulembetsa chigamulo cha ku London chija kuti chigwire ntchito m'dzikomo.

9. Nanga khoti la mayiko onse lija?

Ganizo lilipo. Jaji wa ku America Mark Wolf analipereka mu 2014, ndipo bungwe la Integrity Initiatives International ndi lomwe likutsogolera ndawala yoti kukhale International Anti-Corruption Court. Maboma a Netherlands, Canada ndi Ecuador anaonetsa chidwi poyera mu 2022. Khotilo lizidzalowerera pokhapokha dziko likalephera kapena kukana kuzenga lokha. Otsutsa amati atsogoleri akuba sangasaine pangano lodzimangitsa okha. Ochirikiza amayankha kuti ngati mayiko omwe ndalama zimabisidwako alowa, wakubayo akhoza kufikidwa ngakhale dziko lake lisanalowe. Yankho limeneli ndimaliona lomveka, koma likudalira kuti mayiko a mabanki aakuluwo avomeredi, ndipo amenewo amapindula ndi ndalamazo.

Ku Africa kuno pepala lilipo kale. Pangano la Malabo la 2014 limapatsa khoti la African Union mphamvu pa milandu ya katangale ndi kubisa ndalama zakuba, koma likufunika mayiko 15 alivomereze lisanayambe kugwira ntchito, ndipo chiwerengerocho chili kutali. Choipa kwambiri, ndime 46A bis imateteza atsogoleri a mayiko ndi akuluakulu ena akadali paudindo. Ngati mukulimbikitsa boma lanu kulivomereza, nenaninso za ndime imeneyi.

Mapangano otere amatheka. Ndawala yoletsa mabomba okwirira pansi inayamba ndi mabungwe asanu ndi limodzi mu 1992, ndipo pofika Disembala 1997 pangano linasainidwa ku Ottawa popanda America, Russia ndi China. Anachita kupeza maboma ochepa ofunadi n'kuyamba nawo. Inunso pezani phungu mmodzi afunse funso m'nyumba ya malamulo loti boma likuima pati pa za khotili, kuti yankho lilembedwe. Lemberani unduna woona za maubale ndi mayiko ena, chifukwa ndi umene umakambirana mapangano. Pemphani boma lisindikize lipoti lonse la kuwunikidwa kwake pansi pa pangano la United Nations lija, popeza lomwe limatuluka mokakamiza ndi chidule chokha, ndipo inu mulembe lanu lapadera. Pa 11 Julayi, tsiku la Africa lolimbana ndi katangale, ndi pa 9 Disembala, tsiku la dziko lonse, nduna zimakonda kulankhula mawu okoma pamaso pa atolankhani. Pitani ndi funso lanu lolembedwa kale, mujambule yankho, ndipo chaka chamawa mudzabwere nalo.